Bwezani Kamunthu Kanga, Mutenge Chidindo Chanu

Malemu amuna anga adanyamula katundu wa anthu pa njinga pa malire a Kalomwe zaka khumi ndi zisanu. Tsiku lina akuvula nsapato adandiuza kuti, "NaNgozo, wakuba usamuope kwambiri. Wakuba amathawa, umamuona msana. Uziopa munthu wonena kuti 'ndikuthandizeni'. Ameneyo akatha kukuwononga amaima pompo, kudikira zikomo." Ankadziwa zomwe ankanena. Ntchito yawo idali yomweyo.

Mawu amenewa ndawasunga moyo wanga wonse. Ndidawaiwala tsiku limodzi lokha, Lolemba, masabata atatu apitawo, pa ofesi yotumiza katundu kunja yomwe yatsegulidwa kuseri kwa msika wa Ulongwe. Ya zitseko zobiriwira ija. Chifukwa cha tsiku limodzi limenelo ndataya diso limodzi, ndipo mawa mwina kubwera apolisi. Khalani pansi.

Ndikulemba ndekha m'kope. Mdzukulu wanga Jasinta ndiye aike pa telefoni. Akaika ndipita kwa aphunzitsi a kuseri uku akandiwerengere, ndimve ngati sadachotsepo mawu. Mwanayo ndi wanga, inde. Koma kumva kawiri sikudaphepo munthu.

Nkhani yayambira kutali. Nthawi ya nkhondo tidathawira ku Dedza. Kumeneko ndinkachapa zovala kwa namwino wina wachizungu. Pobwerera kwawo adapatsa mwana wanga Zakariya bokosi lalikulu, lomata bwinobwino, pamwamba pali chithunzi cha sitima yapamadzi. M'kati mudali tinjerwa ta pulasitiki, tija timalumikizana mpaka kusanduka chinthu. Zakariya adali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Adafuna kutsegula pomwepo. Ndidamulanda. Pamalo pa anthu othawa nkhondo ana adali ngati nyerere. Mutsegule chinthu chotero m'mawa, pofika masana chili m'matumba a mudzi wonse.

Ndidati tikatsegule kwathu. Titafika kwathu ndidati nyumba ilibe chitseko. Titaika chitseko ndidati asuweni ake ali ndi zala zazitali. Kenako ndidati ayambe wakhoza mayeso. Mmene ankakhoza n'kuti ali ndi ndevu.

Bokosi lidakhala pansi pa thiranki, lokulunga m'bulangete, zaka zopitirira makumi atatu. Zakariya lero ndi bambo wa ana anayi, amagulitsa mbewu ya mbatatesi ku Domwe. Koma pa Khirisimasi iliyonse akangolawa pang'ono amandiyang'ana n'kuti, "Amayi, sitima yanga."

Chaka chatha maso anga adayamba kuchita chifunga. Ng'ala. Lamanzere latheratu, lamanja likutsatira mnzake. Mwina kwa inu khungu ndi matenda chabe. Kwa ine ayi. Ine ndimadziwa amene wadutsa pa njira, chimene wanyamula, ndi ngati adali nacho popita. Ndikachita khungu, limenelo ndi phwando la anthu onse amene ndakhala ndikuwayang'anira. Adokotala adati ng'ala imapalidwa. Koma mzere wa ulere ndi wautali, ndipo kolipira amafuna mtengo wa ng'ombe.

Apa ndi pomwe padalowa Jasinta. Iye amakhala ku Tete. Amagula matumba a zidole za kalamidadi, zija zimabwera ndi kaunjika, amatolamo tinjerwa timeneti, kutsuka, n'kugulitsa pa intaneti kwa azungu. Osati ana. Akuluakulu, ena a dazi. Amagula zidole kuti aziziyang'ana. Musandifunse, si ine ndidawalera.

Adabwera mwezi watha akundipeza ndikuyanika za m'thiranki. Ataona bokosi adakhala pansi pa dothi ndi siketi yake yoyera.

"Agogo, mudatsegulapo?"

"Ukundiona ngati ndani?"

"Agogo, musapumire pafupi nalo."

Adandifotokozera kuti sitima ya mtundu umenewu adasiya kupanga kalekale. Zotsegula zilipo zambiri. Zosatsegula zatsala zochepa, chifukwa ana a anthu ena ali ndi amayi a mtima wofewa. Mtengo wonse uli pa kusatsegulako. Mwamva? Zaka zonsezi abale amandinena kuti ndine mfiti yomana mwana chidole, pomwe ine ndimaweta ng'ombe pansi pa thiranki.

Sitima ndi ya Zakariya, ndiye ndidamufunsa. Adakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako adati, "Gulitsani, amayi. Bola muziona. Mukachita khungu muzidzati tonse tikukuberani." Ndidamuuza kuti ndimatero kale.

Wogula adapezeka ku Purtugale. Mtengo wake wokwanira kupala maso onse awiri ndi shapa, minibasi ya kuno, yobwerera. Lamulo lake limodzi: bokosi lifike losatsegula. Jasinta adati ogula ambiri akangoona dzina la dziko lathu amabwerera m'mbuyo, poti kutumiza n'kodula ndipo katundu amakonda kusochera. Zidamutengera zaka ziwiri kuti ayambe kumukhulupirira. Adati ndipite nalo ku Tete akatumize yekha. Ndidakana. Mu shapa? Pansi pa matumba a mbatatesi, pambali pa mbuzi? Kupatsira munthu ndidakananso. Ndiye tidamva za ofesi yatsopano ija. Amalandira katundu pa Ulongwe pompano, galimoto yawo imatengera ku Tete, kuchoka apo pa ndege. Jasinta adawaimbira. Adati ntchito yawo ndi imeneyo, asadere nkhawa.

Lolemba ndidafika 7:50 m'mawa, bokosi ndalibereka kumsana ndi kapulana ngati khanda. Pachitseko adalemba kuti amatsegula 8:00. Adatsegula 9:25. Kalaliki wake ndi a Bonifasiyo, bambo wa tayi yofiira, waulemu kwambiri. Adandipatsa mpando. Adandifunsa za kunyumba. Ulemu umenewo udayenera kundichenjeza.

Adaika bokosi pa sikelo. Kenako adatenga chingwe choyezera, kuyeza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Adati mametikali 9.400, chifukwa ndege siyang'ana kulemera kokha, imayang'ananso malo amene katundu watenga. Ndalamazo adatumiza ndi Jasinta. Kenako bamboyo adanyamula bokosi n'kuligwedeza pafupi ndi khutu ngati akusankha dzungu.

Ndidati ikani pansi.

Adati agogo, theka la bokosili ndi mpweya, mukulipirira mpweya kuti ukaone Purtugale.

Ndidati inde, mpweyawo ndi wanga, ndausunga zaka makumi atatu, upite.

Ndidawauza katatu kuti lisatsegulidwe. Ndidaimbira Jasinta, adawauzanso m'Chipwitikizi. Adagwedeza mutu, akumwetulira. Kenako adanena mawu aja. Adati, "Musadandaule, agogo. Tikuthandizani."

Ndidawamva. Amuna anga adatembenuka m'manda, ndidamva ndi kukhosomola kwawo komwe. Koma ndidaona ndi diso langa bokosi likulowa m'katoni yaikulu, kumata ndi fitakola, tepi ija, mbali zonse, chidindo pha, pha, pha. Chidindo chija iwo amati karimbo. Ndidakhala pa benchi kuyang'anira katoniyo mpaka 15:30, nthawi yotseka. Sindidapite ngakhale kuseri. Adati galimoto ibwera Lachiwiri m'mawa.

Lachitatu ndidabwerera. Panalibe chifukwa. Ine sindifuna chifukwa.

Ofesi imeneyo ili ndi zenera limodzi losweka galasi. Lolemba lidali pululu. Lachitatu, ndili patali, ndidaona kuti alitseka ndi chinthu cha mitundumitundu. Ndidayandikira. Diso langa ndi limodzi, la chifunga, koma sitima imeneyo ndimaidziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Chivindikiro cha bokosi langa. Adachidula ndi mpeni kuti chikwane bwino pa zenera.

A Bonifasiyo adatuluka akuthamanga, mano onse panja, envelopu m'manja. Adati amandiyembekezera. Adati nditachoka mtima udawapweteka kuona munthu wamkulu ngati ine ndikudyeredwa ndi kampani. Ndiye adamatula katoni, adatsegula bokosi, adaboola timatumba tonse ta m'kati kuti mpweya utuluke, adakhuthulira tinjerwa tonse m'kakatoni kakang'ono ka sopo. Mtengo udatsika. M'envelopu mudali mametikali 3.150, troko yanga, chenji. Sadatengepo ngakhale imodzi. Ndidawerenga.

Ndidafunsa za kabuku kamene kamakhala m'kati, kosonyeza kamangidwe. Adati kadali kolemera, ndipo mzungu ali ndi nzeru, adzamanga yekha. Kabukuko kadali pansi pa mwendo wa tebulo lawo. Tebulolo akuti linkagwedera.

Atatha kufotokoza adaima. Manja kumbuyo. Akudikira zikomo.

Ndidakhala pansi pakhomo pomwepo. Ndidawafunsa ngati potumiza dzira amayamba aliswa kuti lichepe. Ndidawafunsa ngati pa maliro a kwawo amachotsa bokosi poti m'kati mwatsala mpweya. Ndidawafunsa kuti mawu oti "lisatsegulidwe" ali ndi tanthauzo lina ku sukulu komwe adaphunzira tayi. Adati, "Koma agogo, ndi katoni chabe." Nkhope yawo idali ya munthu amene wapulumutsa mwana pa moto ndiye akumukalipira.

Ndidakanganula chivindikiro changa pa zenera. Ndidatukula tebulo ndekha n'kutenga kabuku. Zotsala za bokosi ndidazipeza kuseri, atakhalira mayi wogulitsa nthochi. Ndidamudzutsa.

Jasinta adamva zonse pa telefoni. Kenako adauza wogula zoona zake. Ine ndikadayamba ndaganiza kaye, koma iye ndi wa tchalitchi. Mzunguyo akuti adadandaula ngati kwagwa maliro. Adati agulabe, koma mtengo watsika kwambiri, ndipo pokhapokha ngati kanthu kalikonse kalipo, kufikira kakang'onong'ono. Adapereka mpaka kutha kwa mwezi uno. Jasinta adawerengetsa n'kundiuza mosazungulira: "Agogo, zikwanira diso limodzi."

Chifundo cha a Bonifasiyo chidandidyera diso. Wakuba akadaba bokosi lonse ndikadadziwa kolira. Apa ndilire bwanji, munthu wandisungira troko?

Tidati katundu abwerere tione ngati zonse zilimo. Adatenga masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ndinkapita. Tsiku loyamba adati ali ku Tete. Tsiku lachiwiri adati ali ku Beira. Tsiku lachitatu adati sadafikepo ku Beira, ndani wakuuzani. Masiku ena ankangoti sisitema yagwa, bwerani mawa. Sisitema imeneyo imagwa kuposa mlamu wanga wa ku Domwe, ndipo iye amamwa. Katundu atafika adati ndilipire mametikali 600 a ulendo wobwerera. Ndidaseka mpaka anthu adabwera kuchokera mumsika. Sindidalipire.

Tsopano tidziwa bwanji kuti zonse zilimo? Jasinta adati m'kabuku muli zithunzi, tiziyerekeza kamodzikamodzi. Zakariya, amene sindidamuitane, adafika pa njinga yamoto kuchokera ku Domwe fumbi lili mpaka m'makutu. Adati njira yachidule ndi kumanga. Chosowa chidzaoneka chokha.

Adamanga masiku atatu pakhonde panga. Tinjerwa tidatigawa m'malichero, tofiira patokha, takuda patokha. Nkhuku ndidazitsekera. Madzulo aliwonse ndinkamupisa m'matumba asadapite. Sankadandaula. Ankangotukula manja ngati pa malire, maso ali pa sitima. Mbewu yake ya mbatatesi adasiyira mkazi wake. Bambo wa imvi m'ndevu, lilime panja, akufunafuna kanjerwa ka mabowo awiri. Tsiku lachitatu ndidamumva akupanga phokoso la mafunde ndi pakamwa, akuganiza kuti ndili kuseri. Ndidabwerera kuseriko. M'diso mudalowa kanthu. Musafunse.

Sitima idatha. Yokongola, sindinama. Zonse zidalipo, mizinga yake, zingwe, tianthu take. Kupatula kamodzi. Kapitawo wa sitimayo, kamunthu kotalika ngati chala changa chaching'ono, ka ndevu zofiira ndi mwendo umodzi wa mtengo. Pa chivindikiro kalipo, kaima kutsogolo. M'lichero mulibe. Tidasesa khonde. Tidasefa dothi. Ndidamupisanso Zakariya, mpaka m'masokosi. Jasinta adati popanda kameneko wogula sagula, poti ndiko mtima wa chinthu chonsecho.

Lachiwiri lapitali tidapita ku ofesi, ine ndi Zakariya, 9:30, poti tsopano ndimadziwa kuti 8:00 yawo ndi iti. Tidapeza shefe, bwana wawo, wabwera kuchokera ku Tete, bambo wa magalasi amene amalankhula akuyang'ana telefoni. Adati kampani siyankha za zinthu zomwe sizidalembedwe chimodzichimodzi pa pepala. Adati a Bonifasiyo adachita ndi mtima wabwino. Ndidati mtima wabwinowo ndauona, uli pa zenera.

Tili mkati molankhula, galimoto yawo idaima pakhomo. Zakariya adandikoka mkono. "Amayi, bwerani. Imani apa. Yang'anani pa galasi loonera kumbuyo."

Ndidagunditsa mphuno pa galimoto. Kapitawo wanga. Atam'manga ulusi m'khosi, akulendewera ngati wapalamula.

Motorisita wake, woyendetsa galimotoyo, adati adamutola pansi m'galimoto, kakatoni ka sopo kadali kobooka pa ngodya. Ndidati zikomo potola, bweretsani. Adati sizingatheke. Adati chimupachikire pamenepo tayala silidaphulikepo, apolisi a pamsewu sadamuimitsepo, ndipo mkazi wake adabwerera. Adati kamunthu kameneka kali ndi mwayi. Adatulutsa mametikali 50 kuti andigule. Zakariya adayamba kuvula jekete. Ndidamuletsa. Mwana amene wadikira chidole zaka makumi atatu akamenya munthu sasiya msanga. Motorisita adakhoma zitseko za galimoto, makiyi m'thumba.

Shefe adati palibe umboni woti kamunthuko ndi kathu, tianthu totere tilipo tambiri padziko. Pa Ulongwe? Mudakaonapo kangati kamunthu ka mwendo wa mtengo pa Ulongwe, inu owerenga? Adati ngati ndili ndi dandaulo ndilembe pa pepala la kampani, makope atatu, lipita ku Maputo, yankho limabwera pakatha masiku 45 ogwira ntchito. Ndidati wogula akudikira mpaka kutha kwa mwezi, diso langa nalo silidziwa masiku ogwira ntchito. Adati malamulo si iye adapanga.

Zakariya adalemba makope atatuwo. Shefe adatenga chidindo, pha, pha, pha. Adachiika pa tebulo. Adatuluka kukaona katundu wokwera m'galimoto. A Bonifasiyo adamutsatira atanyamula makatoni.

Ndidachiyang'ana chidindo. Nacho chidandiyang'ana.

Kapulana ndi nsalu yaikulu, abale anga.

Tsono mvetsani bwino, poti ena ayamba kale kunena kuti NaNgozo waba. Sindidabe. Wakuba sasiya resibo. Ine ndidang'amba pepala m'kope langa n'kulemba kuti: "Ndalandira chidindo chimodzi. Chidzabwezedwa pakatha masiku 45 ogwira ntchito, kapena kapitawo akabwera." Ndidasaina. Ndidadindapo, kuti likhale lovomerezeka. Ndidaliika pakati pa tebulo n'kutsamiritsa ndi sikelo. Potuluka ndidawatsanzika onse mwaulemu.

Inu mukudziwa dziko lathu. Popanda karimbo ngakhale imfa saivomera. Chichokere Lachiwiri palibe katundu amene watuluka pa ofesi imeneyo. Akuti chidindo china chiyenera kuchokera ku Maputo. Ndikhulupirira chitenga masiku 45.

Lachitatu a Bonifasiyo adabwera kwathu. Adagwada patali, tayi ili m'fumbi. "Agogo, ndapota nanu. Ntchito yaima." Ndidalankhula nawo pa zenera. Ndidati pepani bambo, sisitema yagwa, bwerani mawa.

Dzulo adabwera shefe mwiniwake, 8:00. Ndidamuonetsa chipika cha pansi pa mtengo wa pichesi. Ndidatsegula 9:25. Adati chimene ndachita ndi mlandu, akhoza kundimangitsa. Ndidati ndamva. Kenako ndidamuuza kuti chidindo chawo ndachiyang'anitsitsa, ndipo mtima wandipweteka. Chogwirira chake n'chachikulu, cha mtengo, sichilemba kanthu. Chimene chimagwira ntchito ndi kamphira ka pansi kokha. Munthu wamkulu ngati iye azivutika kunyamula mtengo wopanda ntchito mpaka ku Tete? Ndidati mpeni ndili nawo, wakuthwa. Ndikhoza kuchotsa chogwiriracho, kamphirako n'kukadula pakati kuti kakwane bwino m'thumba la malaya.

Ndidati, "Musadandaule, shefe. Ndikuthandizani."

Adavula magalasi. Koyamba adandiyang'ana ine osati telefoni. Adati agogo musachite zimenezo, chikadulidwa chatha ntchito. Ndidati koma bambo, ndi mphira chabe.

Adavalanso magalasi. Kenako adati galimoto ibwera Loweruka, ayesa kulankhula ndi motorisita, koma munthuyo ndi wovuta ndipo ndi mlamu wa mwini kampani. Adati Loweruka abwera kwathu, kaya ndi kamunthu kaya ndi apolisi. Ndidati onse awiri ndiwalandira, koma mipando ndili nayo iwiri yokha.

Loweruka ndi mawa.

Akafuna kusecha asecha. Ndidabisa bokosi lalikulu ngati khanda kwa mwana wanga yemwe, m'nyumba ya chipinda chimodzi, zaka makumi atatu. Iwo akuganiza kuti apeza chinthu chokwana m'dzanja?

Tsopano mafunso anga kwa eni kampani ya zitseko zobiriwira, kulikonse komwe muli. Kodi antchito anu mudawauzapo kuti katundu wa munthu akamatidwa n'kudindidwa, nkhani yatha? Chidindo chanucho chimatanthauza chiyani, ngati wodinda yemweyo amamatula mwini wake akangokhota pa ngodya? Mumadziwa kuti pali zinthu zomwe mtengo wake uli pa katoni? Ngati simudziwa, mukutumiziranji katundu kunja, osangonyamula mbatatesi? Mdzukulu wanga adamanga dzina lake zaka ziwiri kuti anthu akutali akhulupirire kuti kuchokera kuno chinthu chikhoza kufika chathunthu. Inu mwaligwetsa ndi mpeni umodzi. Diso langa lamanzere mwadya kale, silibwerera, ndalisiya m'manja mwa Mulungu ndi mzere wa ulere. Ndikufuna kamunthu kanga kuti ndipulumutse lamanja. Galimoto yanu ikafuna mwayi, igule matayala.

A Bonifasiyo musawachotse ntchito. Ali ndi ana, ndipo si wakuba. Mungowamanga manja akayamba kumva chifundo.

Inu amene mumagulitsa zinthu kunja, kaya ndi tinjerwa ngati Jasinta, kaya n'chiyani, imvani kwa ine. Musachoke katundu wanu asadakwere galimoto. Jambulani ndi telefoni ali pa sikelo, ali m'katoni, akukwera. Akakupatsani mpando, khalani pa katundu. Wokalipa ndi waulesi musawaope, amenewo sakhudza kanthu. Opani womwetulira.

Ndaseka mokwanira. Zoona zake n'zakuti mantha ndili nawo. Kopeli ndalilemba mphuno ili pa pepala. Mwezi watha ndinkazindikira munthu ali pa mtengo wa pichesi, lero mpaka afike pa khonde. Sitima ili pa thiranki, ndaifunditsa bulangete. Zakariya akuti kapitawo akapanda kubwera aitenga iye, ndipo ndamuona, akupemphera mbali zonse ziwiri.

Ndiye mawa cha m'ma 10:00, amene muli pafupi, dutsani kuno mudzandione. Nyumba ya chitseko cha buluu, kumtunda kwa chigayo. Mukandipeza pakhonde ndikukulunga katoni ndekha, ndiye kuti kapitawo wabwera, ndipo ulendo uno ndikwera naye shapa mpaka ku Tete ali pamiyendo panga. Mukapeza pokhoma, pitani kwa apolisi, mundibweretsere kapulana yofunda, kuno kumazizira. Wina adyetse nkhuku. Zilipo khumi ndi imodzi, ndipo ndikadzatuluka ndidzaziona ndi diso lomweli.

Mukafika muime kumanja kwanga, komwe ndikuonabe. Munene dzina lanu ndi la amayi anu. Mukhale, ticheze, mundiuze amene wadutsa pa njira ndi chimene wanyamula. Koma wina asayerekeze kunena kuti wabwera kudzandithandiza.